Amene Ankadina Inde

Kamzere kobiriwira kanayenda mpaka pakati pa galasi la laputopu, kenako kanaima.

"Kwera iwe," anatero Bambo Gwatidzo, mphuno ili pafupi kugunda galasilo. "Kwera! Wanyamula mawu okhaokha, chakulemera n'chiyani?"

Mlongo wawo Sarudzai anali pampando wa pazenera akusadzula nkhwani. Anaseka osadzutsa mutu.

"Katukwaneni, achimwene. Paja malole anu aja ankakwera phiri mukawatukwana."

"Netiweki ya kuno ku Dangamvura ndi yaulesi ngati anthu ake."

"Anthu akewo ndinu nomwe."

Bambo Gwatidzo anaimirira. Ananyamula laputopu ija ndi manja awiri n'kupita nayo pakhomo, pamene iwo ankati netiweki imadutsira. Kamzere kanagwedera, kanakwawa pang'ono, kenako kanafika kumapeto. Panamveka kaphokoso kaja kokhala ngati munthu wapemerera moto, ndipo m'munsi mwa galasi munatuluka mawu onena kuti uthenga wapita.

"Wapita," iwo anatero akubwezera laputopu patebulo. "Tsopano tidikire siginecha."

Mawu amenewa anali a kuntchito kwawo. Bambo Gwatidzo anakalambira pa kampani ina ya matabwa mu Mutare muno, ali kalaliki wotumiza katundu. Lole ikanyamuka, dalaivala ankayenera kubwerako ndi kapepala kosayinidwa ndi wolandira katunduyo. Akabwera chimanjamanja ankaona zakuda. "Katundu wopanda siginecha sanafike," ankatero bambowa, ndipo khalidwe limeneli anapuma nalo pantchito, pamodzi ndi laputopu yakale imene anawapatsa powatsanzika.

Uthenga wa Lamlungu limenelo unali wolemera ndithu, ngakhale eni ake ankati ndi mawu okhaokha. Chaka chinali chitatha chimwalirireni Mayi Gwatidzo, ndipo abale anali atagwirizana zovundukula chiliza chawo kumapeto kwa mwezi wotsatira. Bambo Gwatidzo ankafuna kuti nsalu ya pachilizapo idzachotsedwe ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Tonderai, yemwe ankakhala ku Joni. Vuto linali lakuti bambo ndi mwana anali asanalankhulane kwa zaka zambiri.

Nkhani yake tonse tinkaidziwa. Tonderai anabwera pakhomo ndi mtsikana wa ku Rusape dzina lake Shingirai, waulemu wake, wodziwa kugwada ndi kuomba m'manja popereka moni. Zonse zinayenda bwino mpaka pamene akulu anamufunsa mfunda wake. Anati ndi wa Shumba, mkango. A Gwatidzo nawonso ndi a Shumba. Kwathu kuno anthu a mfunda umodzi ndi pachibale basi, ngakhale makolo awo asanamwerepo madzi pachitsime chimodzi. Komabe njira imakhalapo: mwamuna amapereka ng'ombe yoyera, akulu n'kudula chibalecho, ukwati n'kuchitika. Malume ake a mtsikanayo anavomera zimenezo. Amene anauma mutu ndi Bambo Gwatidzo.

"Ng'ombe sisintha magazi," anatero pamaso pa anthu. "Ukakwatira mlongo wakoyu, Tonderai, uzidzakumba timanda ting'onoting'ono. Magazi amodzi sabala mwana wokhalitsa."

Mayi Gwatidzo analira tsiku limenelo ngati pagwa maliro. A kwawo kwa mtsikana anakwiya, nati iwo sangatukwanidwe chonchi, ndipo anauza mwana wawo kuti akaumirira mwamunayo asadzapondenso ku Rusape. Tonderai anangotenga Shingirai n'kuwoloka naye malire, nambala ya foni n'kusintha. Kuchokera pamenepo Bambo Gwatidzo sanatchulepo dzina la mpongozi wawo. Akafuna kumunena ankati "mlongo wake uja."

Pamaliro a amayi ake Tonderai anabwera yekha. Anafika bokosi likutsikira m'manda, anaponya dothi, anakumbatira azakhali ake Sarudzai, kenako anakakwera basi ya madzulo omwewo. Sanawapatse dzanja bambo ake ngakhale kuwayang'ana.

Anthu atabalalika, nyumba inakula. Bambo Gwatidzo ankadzuka m'mawa n'kuwiritsa madzi a makapu awiri, n'kukumbukira madzi atawira kale. Anasungulumwa koopsa, koma pakamwa sankavomera. Sarudzai, yemwe ndi mlembi pa sukulu ina ya sekondale, anawaona akuonda. Tsiku lina anawatsegulira imelo n'kuwalembera adiresi ya Tonderai, imene anaisunga kuyambira nthawi imene mnyamatayo anamutumizira zithunzi za ukwati wake.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, achimwene. Mulembereni mwana."

Kulemba anaphunzitsidwa, koma kabokosi kena kake anakapeza okha. Kanali kobisika m'munsi, ndipo pambali pake panalembedwa kuti ukakachonga udzadziwitsidwa uthenga wako ukawerengedwa. Maso a kalaliki wakale anawala. Anakachonga, ndipo kuyambira tsiku limenelo palibe uthenga umene unatuluka m'nyumbamo kabokosiko kasanachongedwe.

Ankalemba Lamlungu lililonse akaweruka ku tchalitchi. Ankalemba za mtengo wa mapeyala wa kuseri kwa nyumba, kuti chaka chino wachita maluwa ambiri. Ankalemba za denga lodontha, za galu wa aneba wakuba mazira, za madzi amene asiya kutuluka m'mipopi. Mawu akuti pepa sanalowemo ngakhale kamodzi. Yankho silinabwerepo. Koma Lolemba lililonse, chakum'mawa, kabelu ka laputopu kankalira, ndipo pagalasi pankatuluka kachidziwitso kakuti uthenga wanu wawerengedwa.

Poyamba ankangoti ndi makina. Anawatsegula m'maso ndi Sarudzai yemweyo.

"Kabeluko sikalira kokha, mukudziwa? Ine kuntchito ndimazilandira zimenezi. Ukatsegula uthenga wotere pamabwera funso lakuti, wotumiza akufuna adziwe kuti mwawerenga, timuuze? Pali Inde, pali Ayi. Ine a hedimasitala ndimawadinira Ayi."

Bambo Gwatidzo anavula magalasi.

"Ukutanthauza kuti iyeyo amadina ndi chala chake?"

"Ndi chala chake. Akanafuna akanadina Ayi, inu osadziwa kanthu."

Madzulo amenewo bambowa anadya mbale yonse n'kupempha zina. Mwana wawo ankawalankhula. Anali mawu amodzi okha pamlungu, koma anali mawu, ndipo anali akuti inde. Kutchalitchi anayamba kuyenda chodzitukumula. Munthu akawafunsa za Tonderai ankayankha kuti, "Ali bwino, timamvana. Ndi wa mawu ochepa, anatengera ine." Ife tinkangoyang'anana, poti Bambo Gwatidzo mawu ochepa sanakhalepo nawo.

N'chifukwa chake uthenga wa chiliza utapita, iwo analibe nkhawa. Lolemba m'mawa anatsegula laputopu, anaika tiyi pambali, nadikira. Tiyi anazizira. Masana anafika kabelu kali chete. Lachiwiri chimodzimodzi. Pofika pakati pa mlungu anali akuyenda nayo laputopu ija nyumba yonse, kupita nayo pakhomo, kukwera nayo pampando, mpaka kuseri pansi pa mtengo wa mapeyala. Magetsi akazima ankapita kukaitchaja kwa aneba a sola, n'kukhala pomwepo kuilondera.

"Chawonongeka chinthuchi," anauza Sarudzai atabwera kudzawaona. "Chakalamba."

"Tiyeni tiyese. Nditumizireni ine."

Analemba mawu amodzi, anachonga kabokosi, natumiza. Sarudzai anatsegula pafoni yake n'kudina. Nthawi yomweyo kabelu kanalira patebulo, momveka bwino. Bambo Gwatidzo anadzidzimuka, nkhope inawala kanthawi kochepa, kenako anakumbukira kuti wadina ndi mlongo wawo amene wakhala pambali pawo. Anakhala pansi.

"Makina ali bwino, achimwene," anatero Sarudzai motsitsa mawu.

"Ndamva. Sindine gonthi."

Lamlungu lotsatira anatumizanso uthenga womwewo, nawonjezera kuti mwina woyamba unasochera. Kamzere kanakwawa mpaka kumapeto, kaphokoso kanamveka, mawu akuti wapita anatuluka. Kabelu sikanalire. Kunja zinthu sizinaime: wosema miyala anamaliza kulemba dzina, amayi a chigwirizano anagawana ntchito yophika, abale a kumudzi anayamba kufunsa za mayendedwe. Aliyense ankamaliza ndi funso limodzi, "Nanga Tonderai afika liti?" Bambo Gwatidzo anayamba kutuluka m'tchalitchi nyimbo yomaliza isanathe.

Mantha awo anali akuti mwana wawerenga n'kudina Ayi. Zimenezo sakanatha kuzisenza, choncho mtima wawo unafunafuna wina womusenzetsa. Sunavutike kumupeza.

Lamlungu lachitatu Sarudzai anawapeza akumenya mabatani ndi zala ziwiri ngati akukhoma misomali. Anaima kumbuyo kwawo n'kuwerenga. Uthengawo unkati: "Tonderai, ndikudziwa kuti si iwe. Ndi mlongo wako uja wakutseka makutu. Anakuchotsa m'manja mwa amayi ako ali moyo, lero akukuletsa kudzaona chiliza chawo. Mkazi wopanda kwawo sangadziwe kuwawa kwa pakhomo. Umuuze kuti ine ndidakali moyo, ndipo zimene ndinanena zija sindinabweze."

"Achimwene, fufutani."

"Ndifufute choonadi?"

"Choonadi mwachitenga kuti? Munaliko? Paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Inu kandimverere wanu ndi kabelu."

"Iwe ndiwe zakhali wake, umayenera kukhala mbali yanga."

"Ndine zakhali wake, n'chifukwa chake ndikukuuzani. Chaka chathunthu mukulembera mwana za mapeyala ndi agalu, mawu amodzi ofunika akukukanikani. Lero mwapeza mphamvu zotukwanira mwana wa eni?"

Bambo Gwatidzo anachonga kabokosi kaja n'kudina potumizira. Kamzere kobiriwira kanayamba ulendo wake, ndipo monga mwa masiku onse kanafika pakati n'kuima. Pambali pake panali kamtanda kakang'ono koletsera.

"Sunapite," anatero Sarudzai. "Onani, ngakhale makina akuchita manyazi. Dinani kamtandako."

Iwo anapinda manja pachifuwa.

"Achimwene, ndagwira mwendo wanu. Mlamu wanga akanakhalapo mukanatumiza zimenezi?"

Kutchulidwa kwa malemu kunawalasa. Anayang'ana chithunzi cha mkazi wawo pakhoma, anayang'ananso kamzere kaja kali chiimire. Mkwiyo unayamba kuphwa, m'malo mwake munalowa manyazi. Dzanja lawo linachoka pachifuwa n'kuyamba kutsikira patebulo. Koma kamzere kamene masiku onse kankafuna kukapemphapempha, tsiku limenelo kanangoti thamangu mpaka kumapeto. Kaphokoso kanamveka. Uthenga wapita.

Sarudzai anapukusa mutu n'kulowa kukhitchini. "Madzi akatayika saoleka," anatero ali chotembenuka.

Madzi a tiyi asanawire, kabelu kanalira.

"Saru! Tabwera udzaone!" Bambo Gwatidzo anaimirira, manyazi aja atawathawa. "Wawerengedwa! Si ndinakuuza? Ana amasiku ano amafuna kuwalankhula mwamphamvu. Ukawanyengerera amakuyesa chitsiru."

Sarudzai anaona kachidziwitsoko. Anathira tiyi, anamwa onse awiri, bambowa akulankhula okha za mabasi ochokera ku Joni ndi chipinda chimene Tonderai adzagonemo. Dzuwa litapendeka kabelu kanaliranso. Ulendo uno sikanali kachidziwitso. Linali yankho, loyamba chiyambireni.

Bambo Gwatidzo anatembenukira kwa mlongo wawo.

"Werenga ndiwe. Mokweza."

Sarudzai anakokera laputopu kwa iye. Anawerenga mzere woyamba chamumtima, n'kuwayang'ana achimwene ake.

"Werenga, iwe!"

Anawerenga.

"Bambo, ndine Shingirai. Pepani kuti ndikulankhula pamene simunandifunse. Amene wakhala akudina Inde ndine. Imelo iyi bambo ake Anesu anaisiya kalekale, ndimagwiritsa ntchito ndine pa za kusukulu kwa mwana. Anesu ndi mdzukulu wanu, wamkazi, wayamba sukulu chaka chino.

"Mauthenga anu oyamba ndinkawawerengera amuna anga mokweza. Ankatembenukira kukhoma, koma sanandiuzepo kuti ndisiye. Nthawi ya maliro a amayi ndinali woyembekezera. Kunabadwa mwana wamwamuna. Anakhala nafe miyezi iwiri, chifuwa chinamutenga. A dokotala anati matendawa amagwira mwana aliyense, koma bambo ake Anesu sanamve zimenezo. Tikuchokera kumanda anati, bambo ananena. Anayamba kumwa. Akandiyang'ana ankati mlongo wanga. Tsiku lina anapita kuntchito osabwerako. Ena amati anawaona ku Cape Town, ena amati ku Durban. Foni yawo siigwira.

"Ndinapitiriza kudina Inde chifukwa ndinaona kuti mukudikira. Komanso, ndinene zoona, kwathu sandilembera. Moni wa munthu wamkulu amene ndinkalandira ndi wanu yekha, ngakhale sunali wanga. Anesu amaudziwa mtengo wa mapeyala. Amafunsa ngati galu uja anasiya kuba mazira.

"Wa chiliza uja sindinathe kudina. Ndikanadina mukanawaikira mpando, mukanauza anthu. Ndinati ndiyambe ndawapeza. Masabata onsewa ndakhala ndikuyenda m'matchalitchi a anthu akwathu ndi m'malo okwerera mabasi, kufunsa. Sindinawapeze. Ndalephera, bambo.

"Wa lerowu ndadina chifukwa ndi woyamba umene mwandinenamo. Ndawerenga wonse."

Sarudzai anamaliza kuwerenga, misozi ikugwera pamabatani. Panja ana a aneba ankasewera mpira, wina akukuwa kuti chigoli sichinalowe.

Bambo Gwatidzo anakhala chowongoka, manja ali pamaondo. Kenako anafunsa ndi mawu aang'ono, osakhala awo.

"Dzina la mwanayo walemba? Wamwamunayo?"

Sarudzai anayang'ananso. "Sanalembe."

"Miyezi iwiri."

"Eya."

"Ndinali ndi mdzukulu wamwamuna miyezi iwiri, ine ndikulemba za denga."

Sarudzai anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Anali ndi chisoni, koma analinso ndi mkwiyo umene anausunga zaka zonsezi, ndipo sanathe kuumeza.

"Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Mwaupeza, achimwene. Mwanayo sanafe ndi mawu anu, ayi, chifuwa ndi chifuwa. Koma Tonderai mwamuthamangitsa kawiri. Koyamba pakhomo pano, kachiwiri pakhomo pake."

Masiku ena onse akanamukalipira. Tsiku limenelo anangogwedeza mutu. Anaimirira pogwira tebulo, anatuluka kukhomo la kuseri, n'kukaima pansi pa mtengo wa mapeyala. Sarudzai anawaona pazenera atatsamira thunthu lake, mapewa akugwedezeka. Pamaliro a mkazi wawo anthu sanaone msozi wawo, koma apa analira mokweza, osasamala kuti aneba akumva. Ana a mpira aja anasiya kukangana.

Atabwerera m'nyumba anasamba kumaso, anavala magalasi, nakhala patsogolo pa laputopu.

"Dzina la amayi ake Anesu amalemba bwanji? Kumapeto kuli i kapena y?"

"Kuli i."

Analemba pang'onopang'ono, akufufuta ndi kuyambiranso. Sarudzai sanaime kumbuyo kwawo ulendo uno, koma iwo atamaliza anamuitana okha kuti aone. Uthengawo unali waufupi.

"Mpongozi wanga Shingirai. Ndawerenga. Ndinakulakwirani tsiku loyamba, ndakulakwiraninso lero. Pepani. Mawu aja ndabweza onse, ngakhale ndachedwa nawo. Ndiuzeni dzina la mdzukulu wanga amene anagona. Nsalu ya pachiliza cha apongozi anu ikudikira inu ndi Anesu, ngati mtima wanu ungalole. Ngati sungalole, mulibe mlandu. Ine, bambo wanu."

"Uli bwino," anatero Sarudzai. "Tumizani."

Dzanja la kalaliki wakale linapita lokha m'munsi, pa kabokosi kaja. Linafika pomwepo n'kuima. Bambo Gwatidzo anakayang'ana kwa nthawi, kenako anabweza dzanja, kabokosi kali kosachonga.

"Mwaiwala siginecha," anatero Sarudzai.

"Sindinaiwale."

"Nanga mudziwa bwanji kuti wawerenga?"

"Chaka chonse mwana uja wakhala akundisayinira katundu wa eni. Ndamutopetsa. Uwu akafuna ayankha yekha."

Anadina potumizira. Kamzere kanayenda, kanaima pakati monga mwa chizolowezi chake. Sanakakalipire, sananyamule laputopu kupita nayo pakhomo. Anangokhala n'kukayang'ana mpaka kanafika.

Mlungu umenewo anathyola mapeyala, anasankha akuluakulu, anawakulunga m'nyuzipepala n'kuwaika m'kabati kuti apse. Anasesa chipinda cha Tonderai, nagula kabulangete kakang'ono ka maluwa. M'mawa uliwonse ankatsegula laputopu, kuyang'ana, n'kutseka. Munalibe kanthu.

Tsiku la chiliza linafika. Anthu anadzaza kumanda, amayi a chigwirizano anaimba, abusa analalikira. Kutsogolo kunali mipando iwiri yopanda anthu, waukulu ndi waung'ono, ndipo aliyense amene anafuna kukhalapo Bambo Gwatidzo ankamuuza kuti pali eni ake. Minibasi iliyonse ikaima pamsewu ankatembenuka. Abusa anadikira, anaimbitsa nyimbo ina, anadikiranso. Pamapeto pake nsalu anachotsa ndi Sarudzai.

M'mawa mwake linali Lamlungu. Alendo atapita, Sarudzai anatsalira kutsuka mapoto. Potsegula kabati anamva fungo la mapeyala akupsa kwambiri, ena atayamba kuda.

"Awa ndigawire ana a aneba, achimwene? Mawa aola."

"Agawire. Mumtengo mudakali ena."

Anawapeza patebulo akulemba ndi zala zawo ziwiri. Pamwamba panali dzina la Shingirai. Ankamufotokozera mtundu wa mwala, mawu amene alembedwapo, nyimbo zimene zinaimbidwa. Kumapeto anawonjezera kuti Anesu auzidwe kuti galu uja sanasiye, dzulo lomwe waba mazira awiri a alendo.

Kamzere kanakwawa mpaka kumapeto. Kaphokoso kanamveka, mawu akuti wapita anatuluka n'kuzimiririka. Bambo Gwatidzo sanatseke laputopu. Anakhala pomwepo, manja ali pamaondo.

"Mukudikira chiyani?" anafunsa Sarudzai mofatsa. "Simunachonge. Kabelu sikalira."

"Ndikudziwa," iwo anatero, maso ali pagalasi. "Pita, Saru, kungakudere. Ine ndikhala kaye pang'ono."